Desktop ikamabwerera mwakale nthawi iliyonse mukayatsa kompyuta

Mumakhala pansi kukonza desktop mmene mukuifunira. Mafoda a kuntchito mwawaika kumanzere, a kutchalitchi kumanja, kumbuyo mwaika chithunzi cha ana, zilembo mwazikulitsa chifukwa maso ayamba kuvuta, Word ndi Chrome mwazimata pa taskbar kuti zizipezeka msanga. Mawa lake mukamayatsa, mukupeza zonse zabalalika. Ma icon aunjikana pakona imodzi, chithunzi chija chasanduka mdima bii, mwinanso mafayilo amene munasiya pamenepo palibe. Mumakonzanso. Pakangopita masiku ochepa, zomwezo.

Ambiri akatopa amanyamula kompyuta kupita nayo kwa wokonza, ndipo yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Bwana, iyi ndi yofomata basi." Yankho limeneli limandiwawa mtima. Kufomata kumapita ndi mafayilo amene munaiwala kukopera, kumapita ndi mapulogalamu amene simudzawapezanso, kumadya bandulo pokoperanso ma update, ndipo ngati gwero la vuto lili batire lakufa kapena hard disk yotopa, mwezi sutha vuto lisanabwerere. Vuto la desktop lili ndi magwero angapo osiyana, ndipo gwero lililonse limasiya chizindikiro chakechake. Ntchito yoyamba ndi kuyang'ana bwino chimene chasokonekera musanagwire kalikonse.

Pa Windows, munthu aliyense amene ali ndi akaunti amakhala ndi foda yake mkati mwa C:\Users. Ngati akaunti yanu ili ndi dzina lakuti Ofesi, foda yanu ndi C:\Users\Ofesi. Mafayilo amene mumawaona pa desktop amakhala mu foda ina yotchedwa Desktop mkati mwa imeneyo. Koma malo amene icon iliyonse yakhala, chithunzi chimene mwasankha, mitundu ndi zina zambiri zimene mwasintha, zimalembedwa mu fayilo yobisika yotchedwa NTUSER.DAT, mu foda yanu yomweyo. Mukamalowa, Windows imawerenga fayiloyi. Mukamatuluka kapena kuzimitsa bwinobwino, imamaliza kulembamo n'kuitseka. Ndiye desktop ikabwerera mwakale, mwina zimene munasintha sizinalembedwe, mwina zinalembedwa koma Windows yalephera kuziwerenga, kapena pali china chimene chikuzisintha inu mutachoka.

Zonse zikasowa nthawi imodzi

Ili ndiye vuto loopsa kwambiri kuliona, ngakhale kuti nthawi zambiri palibe chimene chatayika. Kompyuta imaoneka ngati yangotuluka kumene m'katoni. Desktop ili mbee, mu Documents mulibe kanthu, Chrome sikukudziwaninso. Kawirikawiri pamabwera uthenga wakuti "We can't sign in to your account" kapena "You've been signed in with a temporary profile", koma anthu ambiri amangodina Close osawerenga.

Kuti mutsimikize, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa kawindo kakuda kamene katsegukeko lembani izi:

echo %USERPROFILE%

Ikayankha dzina la foda yanu, vuto lanu ndi lina, pitirirani m'munsimu. Ikayankha C:\Users\TEMP kapena dzina lina loyamba ndi TEMP, ndiye kuti Windows yalephera kutsegula akaunti yanu yeniyeni ndipo yakupatsani yongoyembekezera. Zili ngati mwafika pakhomo, kiyi wa chipinda chanu wakana, ndiye akugonekani m'chipinda cha alendo: katundu wanu ali chikhalire m'chipinda chanu chija, koma cha alendochi amachisesa n'kutaya zonse mukangotuluka. Chenjezo langa lalikulu lagona pamenepa. Chilichonse chimene mungasunge pa desktop imeneyi chifufutika mukazimitsa. Ndaonapo anthu atalemba lipoti tsiku lonse pa desktop ya TEMP, mawa lake osalipeza. Ngati ntchito ikukakamizani kupitiriza, sungirani pa fulashi.

Choyamba, tsegulani This PC, lowani mu C:, kenako Users, kenako foda ya dzina lanu. Mupeza Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads zili momwemo. Koperani zonse zofunika pa fulashi kapena pa hard disk yakunja musanachite china chilichonse. Mukatero, dinani Restart, osati Shut down. Kuyambira pa Windows 8, Shut down siyizimitsa zonse chifukwa cha chimene amati Fast Startup, pamene Restart imayambiradi pachiyambi. Nthawi zina antivayirasi imakhala itagwira fayilo ya NTUSER.DAT pa nthawi imene Windows imafuna kuiwerenga, ndipo kungoyambitsanso kawiri kapena katatu kumathetsa nkhani.

Zikakanika, pamafunika kulowa mu registry, kaundula amene Windows imasungamo zosankha zake. Musachite mantha, koma musathamangenso. Mudakali mu akaunti yovutayo, pa kawindo kakuda kaja lembani whoami /user. Ikupatsani nambala yaitali yoyamba ndi S-1-5-21. Lembani papepala manambala anayi omaliza, kapena jambulani ndi foni. Kenako mufunika akaunti ina ya administrator yoti mukonzeremo. Ngati palibe, lembani cmd pa Start, dinani ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Run as administrator, ndipo lembani mizere iwiri iyi, uliwonse ndi Enter yake, ndipo pamene palembedwa pasiwediyanu muikepo pasiwedi imene mwasankha:

net user Wokonza pasiwediyanu /add
net localgroup administrators Wokonza /add

Yambitsaninso kompyuta, lowani mu akaunti ya Wokonza, dinani Windows ndi R, lembani regedit. Tsatani njira iyi: HKEY_LOCAL_MACHINE, SOFTWARE, Microsoft, Windows NT, CurrentVersion, ProfileList. Musanasinthe kanthu, dinani ProfileList ndi batani la kumanja, sankhani Export, sungani fayiloyo. Imeneyo ndiyo njira yanu yobwerera ngati mwalakwitsa.

M'munsi mwa ProfileList muona nambala yanu ija kawiri: ina ili yokha, ina ili ndi .bak kumapeto. Dinani iliyonse n'kuyang'ana kumanja pamene palembedwa ProfileImagePath. Ya .bak ikhala ikuloza foda yanu yeniyeni, inayo ikhala ikuloza TEMP. Yoloza TEMP ija isintheni dzina powonjezera .old kumapeto. Ya .bak ija ichotseni .bak kuti itsale nambala yokha. Mkati mwake, State ikhale 0, ndipo ngati muli RefCount nayonso ikhale 0. Tsekani, yambitsaninso kompyuta, lowani mu akaunti yanu. Nthawi zambiri mupeza chithunzi cha ana chija chabwerera pamalo pake.

Ngati yabwereranso ku TEMP, fayilo ya NTUSER.DAT yawonongekeratu. Apa musalimbane nayo. Pangani akaunti yatsopano ya dzina lina, lowanimo kamodzi kuti ipange mafoda ake, kenako koperani zimene zili mu Desktop, Documents, Pictures, Music, Videos ndi Downloads kuchoka ku foda yakale. NTUSER.DAT yakale musaikopere, ndipo foda ya AppData musainyamule yonse, chifukwa mungasamutse vuto lomwelo. Ngati mukufuna ma bookmark a Chrome, ali mu fayilo yotchedwa Bookmarks, mu AppData\Local\Google\Chrome\User Data\Default. Tengani yokhayo, Chrome ili yotseka.

Chimene chimawononga fayiloyi

Kukonza kumeneku n'kopanda phindu ngati chimene chinawononga chikadalipo. Kuno kwathu chimakhala chodziwikiratu: kompyuta kuzima mwadzidzidzi ili mkati molemba. Malaputopu ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo batire limafika litatopa. Limagwira miyezi ingapo, kenako laputopu imasanduka yodalira chaja, magetsi akangophethira yazima. Makompyuta apatebulo opanda UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akazima, ndi chimodzimodzi. Palinso chizolowezi cha m'maofesi: nthawi yoweruka ikakwana, munthu amangozimitsa pakhoma, kapena kukanikiza batani loyatsira mpaka sikirini itada, chifukwa Windows ikuchedwa ndi ma update. Kuchita zimenezi kamodzi mwina sikuvulaza. Kuchita tsiku ndi tsiku, tsiku lina imapezana ndi mphindi imene fayilo ili pakati polembedwa.

Thanzi la batire mukhoza kuliona nokha. Pa kawindo kakuda lembani powercfg /batteryreport. Ikuuzani pamene yasunga lipoti, ndipo mukalitsegula muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Yachiwiriyo ikakhala kachigawo kakang'ono chabe ka yoyambayo, batire latha. Kwa ine, ndalama ya batire latsopano kapena ka UPS kakang'ono kongokupatsani mphindi zochepa zozimitsira bwino ndi yopindulitsa kuposa kulipira wofomata kawirikawiri.

Kuzima kotere kumasiyanso zipsera pa disiki. Tsegulani cmd ngati administrator, lembani chkdsk C: /f, yankhani Y, yambitsaninso kompyuta n'kuisiya imalize. Muchite zimenezi pa nthawi imene mukukhulupirira kuti magetsi akhalapo, chifukwa kudukiza chkdsk pakati kungawonjezere mavuto. Ikamaliza, lembani sfc /scannow kuti Windows ifufuze mafayilo ake owonongeka.

Onaninso ngati C: yadzaza. Mu This PC, kamzere kosonyeza malo otsala kakafiira, malo atsala ochepa kwambiri, ndipo akatheratu Windows imasowa polemba ngakhale zinthu zing'onozing'ono zimene mwasintha. Mu Downloads ndi mmene mumaunjikana mafilimu, mavidiyo a ukwati ndi mapulogalamu amene munakopera kale. Samutsani zimenezo, kenako gwiritsani ntchito Disk Cleanup.

Ma icon okha akamasuntha

Ngati mafayilo onse alipo, chithunzi chilipo, koma ma icon achoka pamene munawaika, nkhani yake ndi yopepuka. Dinani ndi batani la kumanja pamalo opanda kanthu pa desktop, lozani View. Ngati pa Auto arrange icons pali chizindikiro chochonga, chichotseni, chifukwa chikakhalapo Windows imafola ma icon kuyambira kumanzere popanda kufunsa. Align icons to grid isiyeni, imangothandiza kuti akhale mwadongosolo. Mukamaliza kuwaika mmene mukufunira, dinani Refresh kamodzi. Anthu ambiri amakonda kudina Refresh kambirimbiri poganiza kuti kompyuta ithamanga. Siithamanga ayi, koma apa pokha kudinako kuli ndi ntchito, chifukwa kumathandiza kuti malo atsopano a ma icon asungidwe m'malo modikira nthawi yozimitsa.

Zikapitirira, dzifunseni ngati laputopuyo imalumikizidwa ku purojekitala kapena ku TV. Aphunzitsi, alaliki ndi anthu ophunzitsa m'misonkhano ndi amene amavutika kwambiri ndi zimenezi, ndipo sagwirizanitsa zinthu ziwirizi. Malaputopu ambiri akale ali ndi sikirini ya 1366 x 768, ena 1920 x 1080. Mapurojekitala akale ambiri ndi a 1024 x 768. Mukalumikiza waya n'kusankha Duplicate, Windows imafuna muyeso umene masikirini onse awiri angaukwanitse, ndiye desktop yanu imapanikizika. Ma icon amene anali kumanja kwenikweni kapena m'munsi amasowa malo, amakankhidwira kumene angakwane, ndipo mukazula waya sabwerera okha.

Dinani Windows ndi P, sankhani Extend m'malo mwa Duplicate. Mukatero sikirini ya laputopu imakhala mmene ilili, purojekitala imakhala ngati malo owonjezera kumbali. PowerPoint imadziwa kuonetsa masilaidi pa purojekitala inu mukuona zolemba zanu pa laputopu, ndipo anthu saonanso mafoda anu onse pakhoma. Pomaliza, zulani waya musanazimitse, muone kuti desktop ili bwino, kenako zimitsani. Ngati ntchito yanu ikufunadi Duplicate, pali kapulogalamu kaulere kotchedwa DesktopOK kamene kamasunga malo a ma icon n'kuwabwezeretsa mukadina kamodzi.

Gwero lina ndi driver ya sikirini, kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa sikiriniyo, ndipo gwero ili limabwera kawirikawiri pambuyo pa kufomata komwe kuja. Dinani Start ndi batani la kumanja, tsegulani Device Manager, kenako Display adapters. Mukaona Intel, AMD kapena NVIDIA, zili bwino. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter, driver yeniyeni palibe, ndipo n'chifukwa chake zinthu zikuoneka zotambasuka, kuwala sikukusintha, purojekitala ikukana. Pitani pa webusaiti ya amene anapanga laputopuyo, kaya HP, Dell kapena Lenovo, lembani nambala imene ili kunsi kwa laputopu, pa Dell amaitcha Service Tag, ndipo koperani driver ya graphics. Windows Update nayonso imatha kuipeza, koma ambirife timalumikiza kudzera pa hotspot ya foni n'kuichonga kuti ndi metered connection pofuna kuteteza bandulo. Ikakhala choncho Windows siikopera ma driver. Ichotseni kwa kanthawi pa tsiku limene muli ndi bandulo yokwanira. Mapulogalamu ongolonjeza kuika ma driver onse nthawi imodzi ndimawakana, chifukwa ambiri amabwera ndi zinyalala zina zimene simunazipemphe.

Amene mukufuna zilembo zazikulu, musachepetse resolution, muyeso wa sikirini uja monga 1366 x 768. Zinthu zimaoneka mwachimbuuzi ndipo malo a ma icon amachepa. Lowani mu Settings, System, Display, siyani resolution pamene palembedwa Recommended, ndipo kwezani Scale kufika 125% kapena 150%. Ma icon akakula kapena kuchepa mwadzidzidzi, wina anakanikiza Ctrl akuzungulitsa kagudumu ka mausi. Chitani zomwezo mobweza. Akasanduka timapepala toyera topanda chithunzi, pa Windows 10 dinani Windows ndi R n'kulemba ie4uinit.exe -show.

Chithunzi cha kumbuyo chikamada

Pa Windows 7 imene siinavomerezedwe, chithunzi chimachotsedwa ola lililonse, pakona n'kulembedwa kuti "This copy of Windows is not genuine". Ngakhale muchibwezeretse kangati, chichokanso. Pa Windows 10 ndi 11 sizichita kuda chonchi, koma zosankha za mu Personalization zimatsekedwa ndipo pakona pamaoneka mawu akuti Activate Windows. Musanavomere kuti wina akuikireni timapulogalamu tozembetsa laisensi, timene nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi, dziwani izi: malaputopu amene anagulitsidwa ali ndi Windows 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo amasunga kiyi ya laisensi mkati mwa makina momwemo. Chimene chimachitika n'chakuti laputopu inabwera ndi laisensi ya Home, wofomata n'kuikamo Pro, ndiye kiyi sikugwirizana. Kuikamo mtundu woyenera nthawi zambiri kumachititsa kuti ivomerezeke yokha ikalumikizidwa pa intaneti.

Ngati laisensi ili bwino, pa Windows 10 lowani mu Settings, Ease of Access, Display, muone ngati Show desktop background image ili yoyatsa. Sikirini yonse ikasanduka yakuda ndi zilembo zowala kwambiri, ndi High contrast, imene imayaka mukakanikiza pamodzi Alt wa kumanzere, Shift wa kumanzere ndi Print Screen. Ana osewera pa kiyibodi amaipeza mosavuta. Mabatani omwewo amaizimitsa. Ngati munasankha Slideshow n'kuloza foda ya pa fulashi, zithunzi zisiya kusintha mukazula fulashiyo, choncho zikopereni mu Pictures. Zonsezi zikakanika, dinani Windows ndi R, lembani %APPDATA%\Microsoft\Windows\Themes, fufutani fayilo ya TranscodedWallpaper, kenako sankhaninso chithunzi. Imeneyo ndi kope imene Windows imadzipangira, ndipo nayonso imawonongeka magetsi akazima.

Desktop ili mbee koma si TEMP

Yambani ndi chophweka: batani la kumanja, View, Show desktop icons. Pa Windows 10, dinani Windows ndi A muone ngati Tablet mode yayaka, chifukwa imabisa desktop yonse. Ngati taskbar nayonso yasowa, pangotsala kamuvi ka mausi, pulogalamu imene imajambula desktop yagwa. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, sankhani Run new task, lembani explorer.exe.

Chimene chikusokoneza anthu ambiri masiku ano ndi OneDrive, malo a Microsoft osungirako mafayilo pa intaneti. Mukalowa ndi akaunti ya Microsoft n'kumangodina Next, foda yanu ya Desktop imatha kusamutsidwa kupita mu C:\Users\dzina\OneDrive\Desktop. Mafayilo ena amakhala ndi kachizindikiro ka mtambo, kutanthauza kuti ali pa intaneti pokha, ndipo tsiku limene mulibe bandulo sakutseguka. Malo aulere ndi 5 GB basi, akadzaza kumayamba mauthenga osatha. Kumene intaneti ndi yodula komanso yodukaduka, ine ndimalangiza kuti desktop ikhale pa kompyuta. Koma pali dongosolo lake. Choyamba, muli pa intaneti, dinani foda ya Desktop ya mu OneDrive ndi batani la kumanja n'kusankha Always keep on this device, dikirani mitambo yonse isanduke zizindikiro zobiriwira. Kenako mu Settings ya OneDrive pezani Manage backup n'kuzimitsa Desktop. Pamenepo desktop ioneka yopanda kanthu, ndipo ambiri amakuwa kuti zonse zapita. Sizinapite. Zatsala mu foda ya OneDrive ija, ndipo muyenera kuzisamutsa nokha kubwerera pa desktop.

Makompyuta a m'malabu a sukulu ndi m'malo olipira intaneti ndi nkhani ina. Ambiri amaikidwa dala pulogalamu monga Deep Freeze, imene imabweza zonse mwakale kompyuta ikangoyambitsidwanso. Pamenepo palibe chawonongeka. Ngati munagula kompyuta yochoka m'malo otere ndipo palibe chimene chikukhalitsa, ngakhale pulogalamu imene mwangoika kumene, funsani amene anakugulitsani pasiwedi yake.

Kiyibodi nayo imakhala ndi kavuto kake kobwerezabwereza. Mukufuna @ ikutuluka ", chifukwa laputopu ndi ya ku Britain koma Windows ikuiona ngati ya ku America, kapena mosemphanitsa. Windows ndi Space zimasintha kwa kanthawi. Kuti zisabwererenso, lowani mu Settings, Time & Language, pa chilankhulo chanu tsegulani Options, chotsani kiyibodi imene simukuifuna kuti patsale imodzi.

Amene mwasamukira ku Linux Mint

Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akale alibe. Ena asankha kuika Linux Mint m'malo mwa Windows, ndipo Mint imabwera m'mitundu itatu ya desktop: Cinnamon, MATE ndi Xfce, yomalizayi ndiyo yopepuka kwambiri pa makina ofooka. Vuto lomweli limapezekanso kumeneko, magwero ake okha ndi osiyana.

Ngati pa desktop pakuoneka icon yakuti Install Linux Mint, simunaiike pa kompyuta, mukuyendera pa fulashi, ndipo palibe chimene chisungike. Ngati munaiika kale, zosankha zanu zimakhala mu mafoda obisika a .config, .local ndi .cache mu foda yanu ya Home. Anthu atsopano amazolowera kuyamba lamulo lililonse ndi sudo, mawu opatsa lamulolo mphamvu za administrator, ngakhale potsegula pulogalamu wamba. Zikatero mafayilo ena a m'mafodawa amasanduka a root, akaunti yaikulu ya makina, osati anu, ndipo desktop imalephera kulembamo. Mumasintha, zimaoneka ngati zatheka, mukayatsanso zabwerera. Tsegulani Terminal n'kulemba:

sudo chown -R $USER:$USER ~/.config ~/.local ~/.cache

Kenako tulukani n'kulowanso. Panel, imene ili ngati taskbar, ikasowa pa Cinnamon, Ctrl, Alt ndi Esc zimaidzutsanso, ndipo ngati mwaisokoneza kwambiri, dinani panel ndi batani la kumanja, Troubleshoot, Restore all settings to default. Pa Xfce dinani Alt ndi F2 n'kulemba xfce4-panel -r, ndipo ikamabwerera ndi mawindo omwewo osokonekera nthawi iliyonse, fufutani zimene zili mu ~/.cache/sessions. Chithunzi cha kumbuyo pa Mint chimadalira kuti fayilo yake ikhale pamalo pomwepo, choncho ngati chili pa gawo la disiki la Windows kapena pa fulashi, chikopereni mu Pictures.

Mukalemba pasiwedi yolondola, sikirini n'kuphethira n'kukubwezani pomwepo, kawirikawiri disiki yadzaza. Dinani Ctrl, Alt ndi F2, lowani ndi dzina ndi pasiwedi yanu, lembani df -h. Mukaona 100%, lembani sudo apt clean kuti mupeze kampata kolowera, kenako yambitsaninso kompyuta, lowani, tsegulani Timeshift, pulogalamu yosunga makope a mafayilo a Mint, muone kuchuluka kwa makope amene yasunga. Pa disiki yaing'ono, makope awiri ndi okwanira.

Vuto likamabwerera mutachita zonsezi

Ngati batire lili bwino, mumazimitsa mwadongosolo, malo alipo, koma TEMP ija ikubwerabe ngakhale mu akaunti yatsopano, kayikirani hard disk. Zizindikiro zina ndi kuchedwa kwambiri poyaka, kuuma pakati pa ntchito, chkdsk kumadziyambitsa yokha poyatsa, ndi kaphokoso kogogoda pansi pa kiyibodi. Ikani kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo. Kakalemba Good, disiki ikudziona kuti ili bwino. Kakalemba Caution ndi mtundu wachikasu, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, mbali zina za disiki zayamba kufa. Pa Mint, pulogalamu ya Disks imaonetsa zomwezo pa SMART Data.

Disiki yotere musaiyendetsenso chkdsk mobwerezabwereza, ndipo musalole kuti ifomatidwe n'kuikidwanso Windows, chifukwa ntchito yolemetsa ngati imeneyo ingaimalize mafayilo anu akadali momwemo. Koperani kaye zofunika kwambiri, zolemba ndi zithunzi poyamba, mafilimu pambuyo. Kenako gulani disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD, ya SATA ya mainchesi 2.5, imene imalowa pamalo pomwepo m'malaputopu ambiri akale, ndipo Windows kapena Mint iikidwe pa yatsopanoyo. Powauza okonza, nenani momveka kuti disiki yakale asaifufute ndipo akubwezereni m'manja. Muiike mu kabokosi ka USB kosungiramo hard disk, muilumikize ngati fulashi, mulowe mu Users n'kuyang'ana foda ndi foda mpaka mutatsimikiza kuti chilichonse chimene mumafuna chafika pa disiki yatsopano ndipo chikutseguka.